Galimoto Yanu Sindinaizindikire

Kumtunda kwa Lizulu,
Ntcheu.

Okondedwa bambo a Sheila,

Choyamba ndimve za moyo wanu. Mukudzuka bwanji kumeneko ku Kepitauni? Nanga chifuwa chija chimakugwirani kukazizira chinakusiyani? Kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Amayi anu mwendo ukuwavutabe, koma mukuwadziwa, kumunda salola kutsala. Sheila wandipitirira msinkhu, watengera kutalika kwanu konse. Mayamiko waguluka mano awiri akutsogolo ndipo akuseka chobisa pakamwa.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati tili m'masiku a atate anu. Pa foni mumangoti muli pa ntchito, muimbanso, ndipo kuimbako sikufika. Kalata simungaidule. Ndapatsira Sungani wa kuseri kwa tchalitchi, amene akukwera basi yobwera kumeneko, ndipo ndaiika pamwamba pa ufa m'chikwama kuti muyambe mwaiona musanaganize zophika.

Nkhani ndi ya galimoto yanu.

Mukukumbukira zimene munanena m'mawa wonyamuka uja. Munandipatsa kiyi m'manja, amayi ali pomwepo, mng'ono wanu Raymond ali pomwepo, n'kundiuza kuti Loweruka lililonse ndiziiliza kanthawi kuti batire lisathe. Munati mukakhala zaka ziwiri zokha. Mvula ikubwerayi ikhala yachisanu chichokereni inu.

Ine sindinajombe. Kuyendetsa sinditha, paja munandiphunzitsa tsiku limodzi lokha n'kutaya mtima nditalunjika nkhokwe ya amayi. Koma kuliza ndimatha. Ndinkagula petulo wa m'botolo pamsewu, kulowa m'chisakasa muja, kukhala pa mpando wanu, n'kutambasula mwendo mpaka chala chachikulu chokha n'kumakhudza chopondera moto. Mpandowo munausiya kumbuyo kwenikweni chifukwa cha miyendo yanu ya kakowayo, ndipo ine sindinausunthe ngakhale pang'ono.

Poyamba ndinkachita chifukwa munandituma. Kenako ndinayamba kulidikira Lowerukalo. Pa mpando paja panali polowa pamene munakumba ndi kukhala kwanu, ndipo kukatentha m'katimo munkamveka inuyo, sopo wanu uja, thukuta, ndi dothi la mbatatesi. Ndinkatseka chitseko n'kumakuuzani za sabata yonse, kuti feteleza wakwera, kuti Sheila wandiyankha mwamwano, kuti a kwaya akangana za yunifolomu. Simunkayankha, koma simunkadulanso.

Ndiye mwera wa mu Julaye unathyola nthambi yaikulu ya mtengo wa mapeyala. Inaboola udzu wa chisakasa, kuphwanya galasi lakutsogolo, boneti n'kulowa m'kati ngati poto wopondedwa ndi ng'ombe. Ndinakuimbirani, foni inangoitana. Ndinati basi, chinthuchi anasungitsa ine, ndikonzetse ndekha, mwini wake asadzachipeze chonchi.

Ndinakumba mbatatesi za kudimba n'kukagulitsa pa Lizulu. Kenako ndinapempha Raymond kuti aiyendetse mpaka pa Boma, ku galaja ya a Paison, aja owongola ndi kupenta magalimoto kuseri kwa msika. Njira yonse mlamu wanga ankaimba mluzu, uku akusisita chiwongolero, mphepo ikutiwomba kumaso poti galasi panalibe. Ndikanakhala wochenjera ndikanadziwira pomwepo.

A Paison ndinawauza momveka bwino kuti ntchito ndi ziwiri, galasi ndi boneti, basi. Ndinabwereza, ndinalozanso ndi chala. Ndinawauza kuti chitseko chopindika chija asachikhudze, ngakhale chimatsekeka ndi bondo, chifukwa ife tinachizolowera. Iwo ankagwedeza mutu, koma maso ali kwa Raymond, ndipo mayankho onse ankapatsa iye ngati ine ndi thumba la kabichi lomwe labwera pa galimotoyo. Ndinalipiriratu zimene tinagwirizana, ndinawasiyira nambala yanga, n'kuwauza kuti pakaoneka china chilichonse andiimbire.

Masabata anapita. Ndikafunsa, ankati galasi la mtundu umenewo likuvuta kupeza, aitanitsa ku Lilongwe. Raymond naye anayamba kukhala ndi maulendo ambiri a pa Boma, lero akuti wakaona mnzake kuchipatala, mawa akuti wakafunsa za mbewu. Nditatopa ndinakwera minibasi ndekha osauza munthu.

Ndinalowa m'galajamo n'kuzungulira pakati pa magalimoto ophwanyika. Bambo a Sheila, galimoto yanu ndinaidutsa. Ndinabwerera, ndinaidutsanso. Nditawapeza a Paison ndinawafunsa kuti galimoto yathu mwaiika kuti, iwo n'kuseka, n'kuloza yomwe ndinali nditaitsamira.

Inali yoyera mbee. Kubiriwira kuja, kumene kunasuluka ndi dzuwa mpaka ana ankakangana ngati ndi kobiriwira kapena kotuwa, kunalibe. Chitseko anachiwongola. Kumbuyo anawotcherera zitsulo zazitali zogwira anthu a matola. Ndinatsegula, ndinapeza mpando wina wakuda wonyezimira, wokokeredwa kutsogolo mwa miyendo ya Raymond. Ndinakhalapo, phazi langa n'kufika pa chopondera lonse lathunthu. Apo ndi pamene ndinalira. M'katimo munkangonunkha penti.

Koma mukundidziwa, misozi yanga sichedwa kusanduka moto. Ndinatuluka n'kuyamba kulankhula, mpaka akabaza ndi amayi ogulitsa mandasi anasonkhana pageti. Ndinawafunsa a Paison kuti galimotoyi anabwera nayo ndani, anatchula ntchito ndani, analipira ndani. Ndinawafunsa kuti nambala yanga ndinawasiyira kuti akolezere moto kapena chiyani. Ndinati telala ukamupatsa chitenje kuti asoke bulauzi, sasoka kabudula chifukwa choti wina wodutsa m'njira wanena.

Iwo sanapse mtima, ndipo zimenezo zinandiwonjezera ukali. Akupukuta manja ndi kansanza, anati mayi, nkhani za galimoto ife timamvera amuna a pabanjapo. Anati mlamu wanga anabwereranso mawa lake n'kuwauza kuti banja lagwirizana zoti galimoto iyambe matola, izinyamula anthu ndi matumba pakati pa Lizulu ndi Tsangano. Anatinso ntchito agwira yooneka, penti agula yabwino, ndipo galimoto situluka pageti mpaka ndalama za ntchito yowonjezerayo zitaperekedwa.

Ndinawayankha kuti ine sindilipira chinthu chomwe sindinatume, akapereke amene anatumayo. Ndinati banja limene linagwirizanalo ndi liti, poti ine ndimagona m'nyumba ya mwini galimotoyo ndipo sindinamve kanthu.

Pamenepo anatulutsa foni. Anati iwo si amisala oti angapente galimoto ya munthu popanda mawu a mwini wake, ndipo Raymond anawatumizira uthenga wa mawu umene inu munamutumizira. Anautsegula pamaso pa anthu onse aja.

Anali mawu anu, bambo a Sheila. Osati aja othamanga amene mumandipatsa ine, koma anu enieni, odekha, oseka pang'ono kumapeto. Munafunsa za mwendo wa amayi. Munafunsa ngati ng'ombe ya nyanga imodzi ija inabereka. Kenako munati galimoto isamangowola m'chisakasa, Raymond aone chochita nayo, chifukwa inu simubwera msanga. Ndinatchera khutu kudikira dzina langa mpaka uthengawo unatha.

A Paison anakonzekera kuti ndiyambiranso kukalipa. Ine ndinawapempha kuti autsegulenso. Anandiyang'ana, n'kuutsegulanso, ndipo anthu aja anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Ndinali nditawasowa mawu anu kwambiri moti ngakhale amenewo, amene anandidumpha ngati chitsa, anandikomera m'makutu. Ndinachita manyazi, koma ndikanatha ndikanawapempha kachitatu.

Mtima utakhala pansi ndinawauza kuti ngakhale zili choncho, akanandiimbira. Iwo anaweramitsa mutu n'kuvomera kuti pamenepo anaphonya. Si munthu woipa, amangoona ngati mkazi akabweretsa galimoto ndiye kuti waperekeza. Anati zitsulo angathe kuzidula, ndipo ngati ndikufuna angaipentenso yobiriwira. Ndinawafunsa ngati m'sitolo amagulitsa penti yosuluka kale ndi dzuwa la kwathu.

Ndinafunsa za mpando wakale. Analoza pansi pa mtengo wa mango, pamene anthu amadikirira magalimoto awo. Unali pamenepo, atauika pa njerwa, azibambo awiri atakhalapo akusewera bawo. Ndinawapatsa moni mwaulemu n'kuwapempha kuti adzuke. Kenako ndinalowa mu kaofesi kawo, ndinachotsa kiyi wanu pa msomali, n'kumumanga pa mfundo ya chitenje. A Paison anangondiyang'ana osandiletsa.

Mpandowo ndinakwera nawo lole yobwerera ku Lizulu ndi matumba opanda kanthu. Ndinakhala kumbuyo nditaugwira kuti usagwe, anthu m'njira akuloza. Nditafika, amayi anaima pakhomo kukamwa kuli yasa, kuganiza kuti mpongozi wawo mutu wasokonekera. Pano uli kuchipinda, pafupi ndi bedi. Fungo lanu linatha, anthu ambiri anakhalapo, koma polowa paja palipobe.

Raymond anabwera madzulo ake, chipewa chili m'manja. Ndinkafuna kumulalatira, koma chifundo chinandigwira nditaona nsapato zake zong'ambika. Mkazi wake ndi woyembekezera, ganyu ikusowa, ndipo ndikudziwa kuti zinkamupweteka kuona galimoto yamoyo ikungolira m'chisakasa Loweruka lililonse osapita kulikonse. Anati inu munamuloleza, koma ankaopa kundiuza chifukwa amadziwa mmene ndimaisamalira. Ndinamuuza kuti kundiyenda pansi ndiye kwandipweteka kuposa pentiyo. Anapepesa, kenako n'kupempha kiyi. Ndinakana.

Amayi anandiitana kukhitchini. Anati ndisakwiyitse banja chifukwa cha chitsulo, kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iwo anadikira atate anu ali ku migodi ya Theba osadandaula. Ndinawayankha mwaulemu kuti a ku Theba ankanyamuka tsiku lobwerera likudziwika, ndipo likakwana ankatsikadi pamsewu ndi sutikesi ndi mabulangete. Anatakasa moto. Kenako ananena motsitsa kuti nawonso amaopa kuti adzatseka maso osamuonanso Chrispine wawo. Tinalira tonse awiri, ndipo za kiyi sanazitchulenso.

Ndiye mmene zilili ndi momwemo. Galimoto ili pa Boma, kuyera kuja kwayamba kale kufiira ndi fumbi. A Paison sakuitulutsa, Raymond alibe choti awapatse mpaka matola atayamba, ndipo matola sangayambe kiyi ali pa chitenje changa. Ndapitako kawiri kukakambirana nawo, ulendo wachiwiri ndi mkulu wa mpingo, ndipo mapeto ake ndi amodzimodzi. Aliyense akuti mwini wake anene.

Loweruka likafika ndimasowa chogwira. Ndimasesa pabwalo posesa kale, ndimapita kudimba kopanda ntchito. M'chisakasa muja nkhuku zayamba kuikira.

Tsopano imvani chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe. Sabata yatha kunabwera malume anga a Chimango kuchokera ku Kandeu. Nkhani inawapeza konko, yoti mwana wa mlongo wawo anaonedwa pamwamba pa lole atakumbatira mpando wa galimoto. Sanaseke. Anati anthu ayamba kukutchulani mtchona, ndipo iwo sanandipereke ku ukwati kuti ndizikhala mlonda wa katundu amene eni ake amagawana pa foni ine osadziwa. Anati munda wa malemu mayi anga ukadalipo, kwanu n'kwanu mthengo mudalaka njoka, ndibwerere mvula isanagwe. Za ana anati ankhoswe adzakhalira pansi.

Mawu amenewo a ana anandilasa, ndipo chakudya sichinalowe tsiku limenelo. Ndinawapempha malume kuti andipatse nthawi ndimve kwa inu. Anavomera, koma ananena kuti mvula sidikira munthu.

Sindikukupemphani ndalama. Zimene mumatumiza zimafika ndipo ndimathokoza. Sindikufunsanso kuti amakuphikirani ndani kumeneko, ngakhale pena mtima umafunsa wokha. Ngati ndi nkhani ya mapepala, kuti mukatuluka simudzaloledwanso kulowa, ndiuzeni. Ngati ndi manyazi oti mubwera chimanjamanja anzanu atamanga nyumba za malata, bwerani ndi jumbo yokha, ine sindinakwatiwe ndi sutikesi.

Ndakusowani, bambo a Sheila. Ndasowa kutsokomola kwanu kwa m'mamawa kumene ndinkadandaula nako. Ndasowa kukangana nanu za mchere wa m'ndiwo. Kutchalitchi ndikayang'ana kumene kumakhala azibambo ndimayembekezerabe kuona mutu umodzi wopitirira ina yonse. Mayamiko akafunsidwa kuti adadi ake amaoneka bwanji amayang'ana kwa ine kuti ndimuyankhire, ndipo ine ndayamba kuopa kuti tsiku lina ndidzakudutsani pamsewu ngati mmene ndinaidutsira galimoto ija.

Za galimotoyo sindikulimbirana ndi mng'ono wanu. Ngati mwaganiza kuti aitenge azidyetsera ana ake, ndi yanu, ndipo kiyi ndidzamupatsa ndi manja awiri. Ndidzapitanso ndekha kwa a Paison kukawauza kuti nkhani yatha. Koma mundiuze nokha, ine, ndi dzina langa, osati ndizikamvera pa foni ya eni ake pakati pa akabaza. Ndipo pamodzi ndi zimenezo mundiuzenso ngati ndikudikira munthu amene akubwera.

Mitambo yayamba kusonkhana kumapiri a ku Mozambique, ndipo anzanga atsiriza kale mizere. Mbewu ndagula, ili m'nyumba muno yosamasula. Munda wanu ndalima theka n'kuima, khasu lili komweko. Ndiuzeni kuti ndikadzale kuti, kuno kapena ku Kandeu.

Sungani akubwerera kumapeto kwa mwezi. Mukhoza kumupatsira yankho, kapena imbani nthawi imene simuli pa ntchito, ndipo musadule mpaka mutanena.

Amayi akuti Mulungu akusungeni, ndipo muzivala chofunda pakhosi kukazizira. Sheila ndi Mayamiko akupereka moni, Raymond nayenso. Mundiperekere moni kwa alongo anu a Hannah mukadzaonana nawo, ndi kwa onse a kwathu kuno amene mumapemphera nawo. Ufawu ndi wa chimanga cha m'munda mwanu, ndakonola ndekha. Ambuye akuyang'anireni pogona ndi podzuka, ndipo akupatseni mtima wondiuza zoona.

Ndine mkazi wanu mpaka mutanena zina,

Lufina, mayi a Sheila.